Phunziro la Kalabu: Mlezi wa Ana Nayenso Aganizire za Katemera

Kwa achinyamata anzanga a m'makalabu onse a ku Dowa ndi ku Ntchisi, kuyambira ku Mvera, Nambuma, Mponela ndi Madisi mpaka kukafika kwa Malomo, kwa Nthondo ndi kwa Kasakula. Ambiri mwa ife timathandiza nawo pa sukulu za mkombaphala, zija aboma amazitcha ma CBCC kapena kuti sukulu za mmera mpoyamba. Ena ndife alezi, ena timaphika phala, ena timatunga madzi ndi kusesa. Ntchito imeneyi timaigwira mongodzipereka, ndipo ndi yotamandika. Koma pali funso limodzi lomwe sitidzifunsa kawirikawiri. Kholo likabwera kudzalembetsa mwana timafunsa khadi lake la kusikelo. Nanga ife amene tikhale naye mwanayo m'mawa wonse, katemera wathu ali bwanji?

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza pa phunziro lino, membala aliyense athe kufotokoza mmene katemera amagwirira ntchito, kutchula matenda omwe mlezi angapatsire ana, kudziwa zoyenera kuchita munthu yemwe ali ndi kachilombo ka HIV pa nkhani ya katemera, komanso kuthandiza komiti ya sukulu ya mkombaphala kupanga mfundo zabwino zosasala munthu. Phunziroli litenga ola limodzi ndi theka. Ngati nkotheka itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakhale nanu.

Katemera amagwira ntchito bwanji?

Thupi lathu lili ndi asilikali omwe amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Vuto ndi loti mdani akakhala wachilendo, asilikaliwa amatenga masiku angapo kuti amuzindikire, ndipo pofika nthawi imeneyo munthu amakhala atadwala kale. Katemera amaonetsa asilikali aja kachilombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kachidutswa chabe ka kachilomboko. Thupi limaphunzira nkusunga chithunzi chake. Tsiku lomwe kachilombo keni keni kabwera, asilikali amakagwira kasanachite kanthu.

Umboni tili nawo m'midzi mwathu momwemu. Afunseni agogo za nthomba, akuuzani mmene inkaonongera nkhope za anthu ndi kupha. Ife nthomba imeneyo sitinaionepo, chifukwa bungwe la WHO linalengeza m'chaka cha 1980 kuti yatheratu pa dziko lonse, ndipo chinaithetsa ndi katemera. Kuno ku Malawi ndondomeko ya boma yopereka katemera kwa ana inakhazikitsidwa mu 1979, ndipo katemera wa kusikelo ndi waulere.

Chifukwa chiyani tikukamba za alezi?

Ana omwe timalemba m'kaundula ambiri ndi a zaka 3 mpaka 5. Koma tonse tikudziwa kuti pabwalo pamabweranso makanda. Mayi yemwe ali pa zamu yophika phala amabwera ndi khanda kumsana, ndipo akamaonjeza nkhuni amatipatsa ife kuti timugwirire. Khandalo katemera wake sanathe. Katemera woteteza ku chifuwa chokoka mtima amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Wa chikuku woyamba amadikira mpaka miyezi 9, ndipo wachiwiri ndi pa miyezi 15. Mwana wa miyezi 5 ngakhale mayi ake asajombe kusikelo, wa chikuku sanalandire, ndipo chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimanka chichepa.

Palinso ana onyentchera, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, ndi ana omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Ana oterewa matenda akawagwira amawagwira mwamphamvu. Amene angawatchinjirize ndi anthu owazungulira. Mlezi amakhudza ana makumi angapo tsiku lililonse, amawapukuta mamina, amawanyamula akalira, amaimba nawo m'kachipinda kamodzi. Akadwala iyeyo, matenda amalowa m'nyumba zambiri pa tsiku limodzi.

Maiko ena anaiona nkhaniyi mpaka kuiika m'malamulo. Ku California, m'dziko la America, kuyambira mu September 2016 munthu wogwira ntchito kapena wodzipereka pa malo olerera ana amayenera kuonetsa kuti analandira katemera wa chikuku ndi wa chifuwa chokoka mtima. Ife sitili ku California, koma chifukwa chomwe anapangira lamulolo nchomwechi: wolera ana asakhale khomo lolowera matenda.

Chikuku

Ena amati chikuku ndi matenda a ana okhaokha. Ayi ndithu. M'chaka cha 2010 m'dziko muno munabuka mliri wa chikuku omwe unagwira anthu oposa 130,000, ndipo oposa 300 anamwalira. Mwa odwalawo munali achinyamata ndi akuluakulu ambirimbiri.

Chikuku chimayenda mu mpweya. Wodwala akatsokomola m'chipinda nkutuluka, kachilomboko kamatha kukhalabe mu mpweya wa m'chipindamo mpaka maola awiri. Mwa anthu 10 osatetezedwa omwe akhala pafupi ndi wodwala, pafupifupi 9 amatenga. Choopsa china nchakuti munthu amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, pamene iye akungoona ngati ndi chimfine, maso ofiira ndi kutentha thupi basi. Mlezi wotere amatha kubwera ku ntchito bwinobwino, nkumati ndi kachimfine chabe. Kwa mwana wamng'ono chikuku chimabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba, zilonda za m'maso mpaka khungu, ndi imfa imene. Kuti chikuku chisapeze poyenda m'mudzi, pamafunika kuti anthu 95 mwa 100 aliwonse akhale otetezedwa.

Rubella

Matendawa amafanana ndi chikuku koma ndi ocheperako mphamvu, moti mwana amatha kudwala masiku atatu nkuchira. Ngozi yake ili kwa mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira. Pathupi pamatha kuchoka, kapena mwana amabadwa wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima. Apa ndiye zinthu zatembenuka: ana ndi amene angapatsire mlezi. Atsikana ndi amayi achichepere omwe muli alezi, gwirani mfundo imeneyi.

Katemera wa rubella anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2017, ataphatikizidwa ndi wa chikuku, ndipo chaka chimenecho kunali kampeni ya ana a miyezi 9 mpaka zaka 14. Tikawerengera, ambiri mwa ife a zaka za m'ma 20 koyambirira tinali mu msinkhu umenewo. Achemwali ndi amayi athu omwe anali atapitirira zaka 15 kampeniyo sinawakhudze. Katemerayu saperekedwa kwa mayi woyembekezera, choncho nkhani yake ndi yofunsa pathupi pasanabwere. Ngati pasukulu pabuka matenda a zidzolo ndi kutentha thupi, mlezi woyembekezera ayambe wakhala kunyumba ndipo akaonane ndi achipatala.

Kafumbata

Kafumbata sapatsirana. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa pa bala. Ife timatema nkhuni, timalima dimba la sukulu, timaumba njerwa, ndiye mabala sasowa. Atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka amalandira katemera wa kafumbata kasanu: koyamba, kachiwiri pakatha masabata 4, kachitatu pakatha miyezi 6, kachinayi pakatha chaka, ndipo kachisanu pakathanso chaka china. Ambiri amabaitsa kawiri ali oyembekezera nkuiwala zotsalazo. Onani khadi lanu, mwafika pa kangati? Anyamata, mukabaidwa ndi msomali kapena kutemedwa ndi khasu, musathire dothi kapena phulusa pabalapo. Tsukani ndi madzi ndi sopo nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Matenda a chiwindi a Hepatitis B

Awa ife a m'makalabu tiyenera kuwadziwa bwino chifukwa amayenda m'njira zomwe HIV imayendamo: magazi, kugonana kosadziteteza, malezala ndi masingano obwerekana, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Kusiyana kwake nkwakuti kachilombo ka Hepatitis B nkosavuta kutenga kuposa ka HIV, koma katemera wake alipo. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri osadziwa, kenaka chiwindi nkuonongeka kapena kuchita khansa. Mwana akatenga ali wamng'ono, mpata woti kakhazikike m'thupi moyo wake wonse ndi waukulu kuposa wa munthu wamkulu.

Ku Malawi katemerayu analowa m'ndondomeko ya kusikelo mu 2002, mu jakisoni uja woteteza ku matenda asanu. Obadwa chaka chimenecho chisanafike kusikelo sanamulandire. Pa ntchito yathu tigwire izi: mwana akavulala, tisagwire magazi ndi manja osavala kanthu. Ngati magolovesi palibe, valani jumbo yosabooka. Lezala limodzi lisamete ana awiri kapena kuwenga zikhadabo za ana awiri. Mlezi wa bala pa dzanja alimange asanayambe ntchito.

Kolera, tayifodi ndi poliyo

Matenda atatuwa amayenda m'madzi ndi m'chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Mliri wa kolera omwe unayamba ku Machinga mu March 2022 nkupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo ndi waukulu kuposa yonse yomwe inabukapo m'dziko muno. Mu February 2022 boma linalengezanso kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka zambiri matendawa asakuoneka. Lilongwe ndi Dowa ndi oyandikana malire, ndiye tisamati za kutali. Katemera wa tayifodi anayamba kuperekedwa kwa ana mu May 2023.

Munthu wamkulu amatha kukhala ndi tizilombo ta tayifodi kapena ta poliyo iye osadwala, nkumapatsira ena kudzera m'manja osasamba. Wophika phala ndiye ali pa malo ovuta kwambiri. Achipatala akabwera ndi katemera wa kolera m'dera lanu, alezi ndi ophika akhale patsogolo pa mzere. Koma katemera wa kolera mphamvu yake imatha pakapita nthawi, choncho salowa m'malo mwa chimbudzi chovundikira, mpondagiya wokhala ndi sopo, ndi madzi othira klorini.

Chifuwa chachikulu ndi chifuwa chokoka mtima

Chipsera chomwe ambiri tili nacho pa phewa ndi cha katemera wa BCG yemwe tinalandira titangobadwa. Amateteza ana ang'onoang'ono ku TB yoopsa monga ya mu ubongo, koma sateteza mokwanira munthu wamkulu ku TB ya m'mapapo, ndipo sabwerezedwa. Chimodzimodzinso chitetezo cha chifuwa chokoka mtima chimachepa tikamakula, ndipo jakisoni wa kafumbata wa amayi uja sateteza ku chifuwachi. Kwa wamkulu chimangokhala chifuwa chosamva mankhwala, koma khanda limatha kubanika nalo mpaka kusiya kupuma.

Apa chotiteteza ndi khalidwe. Mlezi yemwe wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuonda, asiye kaye ntchito nkukapereka makhololo kuchipatala. Yemwe ali ndi HIV asadikire masabata awiriwo, apite chifuwa chikangoyamba. Kuyeza ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi zaulere, ndipo TB imachizika. Akapezeka nayo, achipatala auzidwe za ana omwe amawalera, chifukwa ana osakwana zaka 5 omwe akhala pafupi ndi wodwala TB amafunika kuwaunika, ndipo pali mankhwala owateteza. Achipatala ndi amene anene tsiku lobwerera ku ntchito.

Nanga mlezi yemwe ali ndi kachilombo ka HIV?

Tinene mosapsatira: munthu yemwe ali ndi HIV angathe kukhala mlezi, ndipo ambiri ndi alezi abwino zedi. HIV sifala ponyamula mwana, pomudyetsa phala, pomusambitsa kapena poimba naye. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachilomboka. Komiti kapena kholo lomwe likufuna kuchotsa mlezi pa chifukwa chimenechi likulakwa.

Pa nkhani ya katemera, mnzathu wotere ndi amene akumufuna kwambiri. Katemera wa kafumbata, wa Hepatitis B ndi wa kolera alibe kachilombo kamoyo, ndipo ndi wosaopsa kwa iye. Wa chikuku ndi rubella ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Munthu yemwe akumwa ma ARV mwandondomeko ndipo thupi lili bwino angathe kulandira, koma yemwe chitetezo chatsika kwambiri kapena akudwalika ayambe wadikira. Woweruza ndi dokotala kapena namwino wa ku kiliniki ya ma ARV. Choncho muuzeni wobaya katemera za mmene mulili, iye ali ndi udindo wosunga chinsinsi.

Dziwaninso kuti mankhwala a tenofovir ndi lamivudine omwe ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa amalimbananso ndi Hepatitis B. Munthu yemwe ali ndi tizilombo tonse tiwiri akasiya ma ARV, chiwindi chimatha kudwala mwadzidzidzi. Ichi ndi chifukwa chinanso chosadumphitsira mankhwala. Ndipo pasakhale kusokoneza: katemera wa HIV sanapezeke. Mapiritsi kapena jakisoni wa PrEP ndi mankhwala oteteza omwe amagwira ntchito pa nthawi yomwe munthu akuwalandira basi, si katemera.

Chinsinsi cha buku la kuchipatala

Apa mpofunika kusamala. Tikanena kuti alezi aonetse umboni wa katemera, ena aganiza zoti aliyense abweretse buku lake la kuchipatala kwa wapampando wa komiti. Zimenezo ayi. M'bukumo mumalembedwa zambiri: za kulera, za matenda opatsirana pogonana, za HIV. Likangodutsa m'manja mwa komiti, mawa nkhani ili pa mjigo, ndipo mlezi wabwino asiya ntchito chifukwa cha manyazi. Woyenera kuona bukulo ndi mlangizi wa zaumoyo kapena namwino, ali awiri ndi mwini wake. Komiti ingomva kuti uje waonana ndi achipatala, basi.

Ambiri a ife makadi athu a kusikelo anatayika kalekale, ena anadyedwa ndi chiswe. Funsani amayi kapena amene anakulerani zomwe akukumbuka, kenaka kafotokozeni kuchipatala. Katemera wa tsiku ndi tsiku wa boma anakonzedwera makamaka ana, atsikana ndi amayi, choncho achipatala ndi amene angakuuzeni yemwe munthu wamkulu angalandire ndi komwe angamupeze. Safunsa anadya phula.

Mphekesera zomwe timamva

Ena amati katemera amatseketsa kubereka. Taonani amayi athu: analandira katemera wa kafumbata ali oyembekezera, ndipo atabereka ife anaberekanso azing'ono athu. Ena amati katemera amadwalitsa. Nzoona kuti pobayapo pamatha kutupa kapena kuwawa, ndipo thupi limatha kutentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri. Chimenecho ndi chizindikiro choti asilikali aja ali pa maphunziro. Vuto lalikulu limachitika mwa apo ndi apo, ndipo mukaona chachilendo bwererani kuchipatala msanga. Enanso chikhulupiriro chawo sichiwalola. Oterewa tisawanyoze kapena kuwaseka pagulu. Tikhale nawo pansi pamodzi ndi amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, tiwafotokozere mwaulemu kuti nkhani pano ndi ya ana a eni ake omwe tapatsidwa kuti tiwasunge.

Masewero

Sankhani mmodzi akhale khanda, akhale pansi pakati. Ena 8 kapena 10 akhale alezi, amuzungulire. Mmodzi akhale chikuku, aime kunja kwa bwalo. Tsamba la mango m'manja likuimira katemera, ndipo khanda sililoledwa kugwira tsamba. Chikuku sichingafike pa khanda chokha. Chimagwira mlezi, ndipo ngati mleziyo alibe tsamba, iye amagwira khanda. Ulendo woyamba theka la alezi likhale ndi masamba. Ulendo wachiwiri onse akhale nawo. Ulendo wachitatu onse abise manja kumbuyo, ndipo mmodzi yekha akhale wopanda tsamba. Werengani kuti chikuku chagwira anthu angati chisanapeze polowera pa ulendo uliwonse, ndipo funsani khanda lija mmene limamvera lili pakatipo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tiyerekeze kuti mlezi wina wadzuka ndi chimfine, maso ofiira ndi thupi lotentha, koma mnzake wapita ku maliro ndipo ana 40 akudikira. Achite chiyani? Kalabu yathu ingathandize bwanji kuti asakakamizike kupita?

2. Kholo lina lamva kuti mlezi amamwa ma ARV ndipo likufuna kuchotsa mwana wake. Mungalankhule nalo mawu otani?

3. Komiti yanena kuti aliyense abweretse buku la kuchipatala pa msonkhano. Vuto lake nchiyani, ndipo mungapereke njira ina yotani?

4. Kodi nkoyenera kuletsa munthu wokana katemera kukhala mlezi, chonsecho alezi odzipereka ndi osowa? Gulu lina livomereze, lina litsutse, kenaka mugwirizane chimodzi.

5. Ndi mphekesera ziti za katemera zomwe zili m'mudzi mwanu, ndipo ndani yemwe anthu angamumvere atazitsutsa?

Ntchito ya kalabu mwezi uno

Membala aliyense afufuze mbiri ya katemera wake ndipo akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo ya kumudzi, kapena apite kuchipatala chomwe ali nacho pafupi, kaya ndi Dowa, Mponela, Madisi, Malomo kapena Ntchisi paboma. Atsikana aone kuti kafumbata afika pa kangati.

Kalabu isankhe anthu awiri kapena atatu ogwirizira, oti mlezi akadwala alowe m'malo mwake. Popanda ogwirizira, mfundo yoti wodwala akhale kunyumba ingothera pakamwa.

Pemphani komiti ya sukulu, amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo kuti mukhale pansi mulembe mfundo zanu: mlezi watsopano aonane ndi achipatala asanayambe, wa zidzolo, wotsekula m'mimba kapena wa chifuwa chosatha asabwere ku ntchito ndipo asaphike, mwana kapena mlezi akatuluka zidzolo ndi kutentha thupi, mlangizi wa zaumoyo auzidwe tsiku lomwelo, chinsinsi cha aliyense chisungidwe. Mfundozo muzimate pakhoma pomwe makolo angaziwerenge.

Pomaliza, yang'anani makadi a kusikelo a ana onse a pasukulupo mogwirizana ndi makolo awo. Samalani kwambiri katemera wachiwiri wa chikuku wa pa miyezi 15, chifukwa makolo ambiri amaleka kupita kusikelo mwana akangoyamba kuyenda.

Anzanga, makolo akamatisiyira ana awo m'mawa nkupita kumunda amakhala atatikhulupirira. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tiwapatse phala, nyimbo ndi masewero, matenda okha ayi. Tilembereni kutiuza mmene zokambirana zayendera ku kalabu kwanu ndi mfundo zomwe mwagwirizana ndi komiti, kuti makalabu ena atengerepo phunziro.